Atiuze masamu tisanalipire

Mkulu wanga ali ndi kanyumba koonetsera bola kuno ku Boma, pafupi ndi kumene mabwato a ku Zumbo amakocheza. Mwezi wina analipira pakeji yotsika ya TV ya dishi, koma patapita masiku 10 anyamata anamuvutitsa kuti akufuna maligi a ku Ulaya. Anasintha n'kukwera pakeji yapamwamba. Machanelo anatseguka tsiku lomwelo, aliyense anasangalala. Patapita masiku 10 ena, Loweruka madzulo nyumba itadzaza, sikirini inangolemba kuti akaunti yatha. Anthu anafuna ndalama zawo za pakhomo. Iye anakhulupirira kuti kampaniyo yamubera masiku 10.

Sinamubere. Inangomubisira masamu, ndipo ine ndikuti mlandu wake ndi umenewo.

Tiyeni tiwerenge ndi manambala ongoyerekezera. Pakeji yaing'ono ikhale K300 pa masiku 30, ndiye kuti K10 patsiku. Yaikulu ikhale K600, ndiye kuti K20 patsiku. Mwaonera yaing'ono masiku 10, mwadya K100, kwatsala K200. Mukakwera pakati pa mwezi, kampani ili ndi njira ziwiri. Yoyamba, ikuuzani kuti masiku 20 otsalawo pa mtengo watsopano ndi K400, muli kale ndi K200, choncho onjezerani K200 kuti tsiku lanu lolipira lisasunthe. Yachiwiri, simuonjezera kanthu, koma K200 yanu ija imayamba kudyedwa pa K20 patsiku, ndipo imatha m'masiku 10 m'malo mwa 20. Izi n'zimene zinachitikira mkulu wanga. Pa Chingelezi amati prorated billing: kulipira molingana ndi masiku amene wagwiritsa nchito.

Masamu amenewa ndi achilungamo. Mwana wa Grade 7 angawachite kuseri kwa kope. Ngakhale Netflix imachita chimodzimodzi: ukakwera pulani imayamba pompo ndipo tsiku lolipira limasendera pafupi, koma ukatsika umadikira mpaka tsiku lako lolipira lifike. Funso langa ndi lakuti, ngati masamuwo ndi osavuta chonchi, bwanji munthu amawadziwa dekoda itazima kale?

Ena adzati zonse zinalembedwa m'malamulo a kampani. Zinalembedwa kuti? Pa intaneti, m'Chingelezi cha maloya, m'tizilembo tofunika bando kuti utiwerenge. Ambiri kuno timalipira pa foni, pa Airtel Money kapena MTN MoMo, mwinanso timangopatsa ndalama mtsikana wa pa buthu. Iye nchito yake ndi kutumiza ndalama, sangakuuzeni tsiku limene chanelo chidzatsekedwe. Komatu makampani omwewa sasowa njira yotipezera. Akafuna kutikumbutsa kuti mwezi ukutha, meseji imabwera. Akafuna kutinyengerera kuti tikwere pakeji, meseji imabwera. Nanga meseji imodzi yonena kuti mwatsala ndi ndalama zakuti, mukasintha lero mudzazimitsidwa pa deti lakuti, ikuwavuta pati?

Enanso adzati ndi tindalama tochepa, bwanji kukangana. Amene amakamba choncho sanagulitsepo nsomba. Munthu wa ku Luangwa ndalama yake imachokera mu ukonde, m'mphasa, m'kabizinesi ka pamsika. Kwa mwini kanyumba ka bola, Loweruka limodzi lotayika ndi ufa wa mlungu wonse, ndiponso makasitomala akapita kwa mnzako sabwerera msanga.

Onaninso mbali imene masamuwa amathamangira. Ukafuna kukwera, zonse zimachitika m'mphindi zochepa. Ukafuna kutsika chifukwa thumba labooka, m'makampani ambiri umauzidwa kudikira mwezi uthe. Kompyuta yomwe imadziwa kugawa masiku pokwera imaiwala kugawa potsika? Sitikupempha zosatheka. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, anthu m'dziko muno ankakhala maola ambirimbiri opanda malaiti, masiku a TV akuwerengedwabe. Limenelo silinali vuto la makampani a TV, ndipo sitikuwauza kuti atibwezere. Tikungoti mulingo umene amayezera potenga ukhale womwewo pobweza.

Pali maofesi amene nkhaniyi ikuwakhudza. IBA ndiyo imapereka malaisensi kwa oulutsa mawu ndi zithunzi, kuphatikizapo TV yolipira. CCPC ilipo pansi pa lamulo la 2010 loteteza ogula. Awa angathe kulamula kuti munthu asanavomereze kusintha pakeji, aone manambala atatu: ndalama yotsala, ndalama yoonjezera, ndi deti lomaliza. Ndipo awaone m'chinenero chimene amamva. Ku wailesi timaulutsa mauthenga a katemera ndi a feteleza m'Chinyanja, anthu amamva bwinobwino. Manambala atatu sangakanike kumasulira.

Podikira zimenezo, anzanga, tidziteteze tokha. Musanasinthe pakeji, gawani mtengo wake ndi 30, muwerenge masiku amene mwadya kale. Funsani kuti muonjezere zingati kuti deti lanu lisasunthe. Ngati mungathe kupirira, sinthani pa tsiku lenileni lolipira, pamenepo palibe chogawa. Sungani meseji iliyonse ya malipiro, chifukwa podandaula umboni wanu ndi umenewo.

Mkulu wanga tsopano amalemba deti lomaliza ndi choko pakhoma, pambali pa TV. Nchito imeneyi si ya choko chake, ndi ya kampani imene imalandira ndalama zake mwezi ndi mwezi.