Ofuna voti ya Likoma atiuze za mfuti

Lamulungu, pa 20 Julaye 2025, zinakwana zaka 14 chiphedwere anthu 20 pa zionetsero za mu 2011. Tsikuli linafika kampeni ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 itangotsegulidwa kumene. Tinkayembekeza kuti ofuna upulezidenti, uphungu ndi ukhansala atengerapo mwayi wotiuza maganizo awo pa nkhani ya mfuti: woyenera kukhala nayo ndani, iombedwe pa chifukwa chanji, ndipo woombera munthu wosalakwa akayankhe kuti. Koma zomwe zinadzaza misonkhano zinali feteleza, mafuta a galimoto, shuga ndi ndalama zakunja. Za mfuti zinkangothera m'lonjezo lachizolowezi lija loti chitetezo chidzakhwima.

Nkhani za m'mimba ndi zofunika, sitikukana. Tikudziwanso kuti Malawi si dziko limene khomo lililonse lili ndi mfuti kuchipinda. Komabe alipo malo m'dziko muno amene funsoli silingadikire, ndipo oyamba mwa malowo ndi Likoma ndi Chizumulu.

Zilumba ziwirizi, zokhala ndi anthu pafupifupi 14,500 malinga ndi kalembera wa 2018, zazingidwa ndi madzi a Mozambique mbali zonse. Munthu ataima ku Mbamba amaona mapiri a Cobue pafupi, pomwe Nkhata Bay ili kutali, ulendo wa maola angapo pa Ilala. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi. Amakwatirana, amaikitsana maliro, amagulitsana nkhuni, ufa ndi usipa, ndipo odwala a kutsidya amaolokera kuchipatala cha St Peter's. Ubale umenewu ndi chuma, ndipo aliyense wofuna kuusandutsa chifukwa chokayikirana tidzamutsutsa. Koma bwato limene lanyamula thumba la chimanga usiku lingathenso kunyamula china pansi pa thumbalo, ndipo panyanja palibe chipata choti wapolisi aimepo.

Nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique inatha mu 1992, koma mfuti za AK-47 sizinathe nayo limodzi. N'chifukwa chake mu 1995 mipingo ya m'dzikomo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, inayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Kwathu kuno, asilikali atalanda zida za a Payoniya mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani, ena mwa anyamatawo anathawira ku Mozambique komweko. Kumapeto kwa 2021 zigawenga za ku Cabo Delgado zinalowa m'boma la Mecula m'chigawo cha Niassa, ndipo mu Epulo 2025 zinaukiranso m'nkhalango yotetezedwa ya Niassa. Mecula ali kutali ndi nyanja, inde, koma ndi chigawo chomwecho chimene anthu a ku Likoma amadzuka akuchiona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuyambira 2019 anzathu a ku Niassa amasankha bwanamkubwa wa chigawo chawo kudzera m'voti. Kwathu tilibe udindo wotero. Choncho mtolo wonse uli pa phungu, makhansala ndi pulezidenti amene timasankha. Ndani mwa ofuna mipandoyi amene wanenapo za momwe adzagwirire ntchito ndi akuluakulu a ku Metangula ndi Lichinga pofuna kutseka njira za zida popanda kuvutitsa mayi wodzagulitsa nkhuni? Ndani wafotokozapo za boti, mafuta ndi apolisi okwanira oti aziyendera madzi a zilumbazi usana ndi usiku?

Pa tsamba lino takhala tikudandaula kangapo konse, ndipo tibwerezanso: dziko lino likuyendetsabe nkhani ya mfuti ndi lamulo la mu 1967. Lamuloli linalembedwa nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique isanayambe, makampani a alonda asanachuluke chonchi, ndale za zipani zambiri zisanabwerere. Pa 14 Ogasiti 2001 atsogoleri a SADC anasainira mu Blantyre momwemuno pangano lothana ndi kufala kwa mfuti ndi zipolopolo. Ife tinali eni nyumba tsiku limenelo. Zaka zambiri zapita, Nyumba ya Malamulo yasintha nkhope kangapo, aphungu akhala akukangana za malipiro awo mpaka usiku, koma lamulo latsopano la mfuti silinawapezerebe nthawi. Zimenezi n'zochititsa manyazi.

Tsono tisabisane mawu. Andale athu sakhala chete pa nkhaniyi chifukwa choiwala. Akhala chete chifukwa mfuti zimene zasautsa kwambiri dziko lino sizinabwere pa bwato. Zimene zinapha anthu pa 20 Julaye 2011, amene ena mwa iwo agona kumanda a Zolozolo mu Mzuzu, zinali za boma, zogulidwa ndi misonkho ya ophedwawo. Mu Seputembala 2013 a Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, anaomberedwa pa geti la nyumba yawo ku Area 43, ndipo mmodzi mwa amene khoti linawapeza olakwa pa chiwembucho anali nduna yakale ya zachilungamo. Mu Julaye 2025 zinakwana zaka 10 chiphedwere a Issa Njauju a bungwe lothana ndi katangale, ndipo mpaka lero palibe amene khoti lamugamula kuti ndiye anawapha. Maboma asinthana, aliyense polowa amalumbira kuti chilungamo chioneka. Chili kuti?

Ndipo pa 26 Juni 2025, anthu onyamula zikwanje anakhapa ochita zionetsero mu Lilongwe, kuphatikizapo a Sylvester Namiwa, dzuwa likuswa mtengo, apolisi ndi asilikali okhala ndi mfuti ali pomwepo. Kodi mfuti ya boma ntchito yake n'chiyani ngati imalira pa nzika yopanda chida koma n'kukhala duu pamaso pa wachikwanje? Inu amene munkalamula nthawi imeneyo, yankhani. Inu amene munali otsutsa, musadzione oyera, pakuti nthawi yanu nanunso anyamata anu ankayenda ndi zikwanje m'misewu ya Blantyre tsiku loti mawa lake ndi 20 Julaye 2011. Chipani chimene chimaweta achinyamata ngati gulu lankhondo chilibe pakamwa polonjezera chitetezo.

Likoma si malo ongofikako ndi ndege yahayala, kugawa nsalu ndi matisheti ku Chipyela, n'kunyamuka dzuwa lisanalowe. Aliyense wofuna voti ya zilumbazi ayankhe mafunso awa poyera. Kodi lamulo la 1967 mudzalisintha m'chaka chanu choyamba? Kodi mudzawerengetsa mfuti zonse zokhala ndi ziphaso, kuphatikizapo za andale ndi za makampani a alonda? Kodi mudzapereka nyengo yoti amene akusunga mfuti mobisa azipereke popanda kumangidwa, monga inachitira mipingo kutsidyaku? Kodi wapolisi woombera munthu wosalakwa adzaimbidwa mlandu ngakhale lamulo litachokera kumwamba? Kodi anyamata a chipani chanu mudzawalanda zikwanje musanalande za ena?

Mafumu, ansembe, makomiti a asodzi ndi achinyamata a ku Likoma ndi Chizumulu, mafunsowa ndi anu. Afunseni pa msonkhano uliwonse, ndipo musalole kuti ayankhidwe ndi nyimbo. Wozemba kuyankha wakuuzani kale mbali imene ali, ndipo pa chisankho musamupatse voti yanu.