Ngati mwathamanga, lipirani ndipo mutenge risiti

Munthu aliyense amene adayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Blantyre kulinga ku Lilongwe, nadutsa pa Zalewa, pa Lizulu ndi pa Linthipe dzuwa lili paliwombo, adaonapo chigalimoto cha katundu chitaima pambali pa msewu, wapolisi ali chilili ndi kamera yake yoyezera liwiro, ndipo dalaivala, bambo wa ana ake ndi imvi zomwe, akuzungulira kuseri kwa galimoto kumene maso a anthu safika, dzanja lili m'thumba. Zimene zimachitika kuseriko tonse tizidziwa, pakuti tidazipatsa maina ofewa, ya fanta kapena kangachepe, monga ngati kufewetsa dzina kuchepetsa tchimo.

Sindilemba mau awa monyoza abale athu oyendetsa mathiraki, popeza dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, ndipo mafuta, feteleza ndi mchere zimene zimatsika pa Beira ndi pa Dar es Salaam sizikadafika m'midzi mwathu pakadapanda amuna amenewa, amene amagona pa chipata cha Mwanza kapena cha Songwe masiku angapo, udzudzu uli kuwadya, kudikira mapepala. Koma chifukwa cha ulemu womwewo ndinena poyera kuti dalaivala amene wagwidwa akuthamangitsa galimoto ali ndi njira imodzi yokha yomuyenera: alandire mlandu wake, alipire chindapusa cha boma, natenge risiti.

Poyamba aimike galimoto pamalo posatchinga anzake, apereke moni ndi laisensi yake mofatsa, napemphe mwaulemu kuti aone liwiro limene kamera yalemba. Mkangano wa pamsewu sudaombolepo munthu. Ndipo iye amene adzadutsa pomwepo mlungu wamawa akumbukire kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Ngati chikwangwani chidati 50 ndipo iye adalowa pamsika ali pa 70, palibenso chonena.

Tsono pa risiti mpamene pagona nkhani. Ambiri amayesa kuti kupereka theka la chindapusa m'manja mwa wapolisi ndiko kuchenjera, koma ndalama imene yapita popanda pepala siitseka mlandu, ingougoneka. Ndipo lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, limene lidabala bungwe la Anti-Corruption Bureau, silisiyanitsa dzanja lopereka ndi dzanja lolandira. Munthu amene adaima pambali pa msewu ali ndi kamlandu ka liwiro amachokapo atasenza mlandu woti nkumulowetsa m'ndende. Kuposa apo, wadzisandutsa munda wokolola: nkhope yake ndi nambala ya galimoto yake zadziwika, ndipo tsiku limene adzaimitsidwe wosalakwa adzasowa pakamwa, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mphwanga wina, amene wayenda njira ya ku Tete zaka zambiri, amasunga malisiti ake onse m'kachikwama pamodzi ndi pasipoti, ndipo anzake amamuseka kuti ndi mlembi wa mpingo. Koma iye ndiye amagona tulo.

Nanga amene sadalakwe? Zimachitika ndithu kuti kamera yagwira galimoto ina imene inali kupitirira, kapena kuti chikwangwani chidagwa kalekale, anthu nasula makasu. Wotereyo asalumbire kapena kutukwana. Alembe tsiku, nthawi, malo, dzina ndi nambala ya wapolisiyo, nanene modekha kuti mlanduwo akuukana ndipo afuna ukaweruzidwe kubwalo la majisitireti. Njira imeneyi ndi yaitali, ndipo kwa munthu amene wasenza katundu wa eni ake ndi yowawa, ndivomera. Koma amene waisankha asathawe tsiku la mlandu, chifukwa mlandu suola. Kunja kwa dziko kusamala kuchuluke: ku Tanzania, kumene kamera ija amaitcha tochi, midzi ya m'mbali mwa msewu ili ndi malire a 50, ndipo kumeneko kapena ku Tete mlendo amene sadziwa Chiswahili kapena Chipwitikizi alibe mboni ina yomuimira koma pepala lokhala ndi chidindo.

Dalaivala akafika, auze abwana ake zimene zachitika, asadikire kuti akamve kwa ena. Ndipo pano ndili ndi mau kwa eni magalimoto, amene ena mwa iwo amalamula kuti katundu wochokera ku doko afike pa tsiku limene munthu woyenda mwa lamulo sangafikepo, napereka ndalama ya paulendo yoperewera, kenaka nadula chindapusa chonse pa malipiro a wantchito ngati kuti iwo ndi oyera m'manja. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto ifuna kuti iime umawirikiza kanayi, ndipo pamene matani 30 alephera kuima pa Lizulu tsiku la msika, amene amagona pansi ndi amayi ogulitsa mbatata ndi kabichi, osati mwini galimoto amene ali pa ofesi.

Inu madalaivala, pamene mwalakwa lipirani, koma musachoke pamalopo risiti ya boma isanalowe m'dzanja lanu. Ndipo inu mabwana, muwapatse anthuwa masiku okwanira ulendo.