Poto Akawala Yekha Mkati, Tisasangalale

Anzanga, mwaonapo kuti mukaphika chidede kapena matimati ambiri mu poto woti anada mkati, potoyo amatuluka ali mbee ngati watsopano? Ambiri timati ndiwo zatitsukira poto. Ine ndikuti tisasangalale, chifukwa chimene chachoka pa potopo chalowa m'ndiwo, ndipo tadya ndife.

Nkhani yake ili chonchi. Poto wa aluminiyamu amakhala ndi kachikopa kopyapyala kamene kamapangika chitsulo chikakumana ndi mpweya wa okosijeni. Kachikopa aka ndi kamene kamateteza chitsulocho. Tsono zakudya zowawasa zili ndi asidi: mandimu ali ndi citric acid, bwemba ali ndi tartaric acid, thobwa losasa lili ndi lactic acid. Mamolekyu a asidi ameneyu akafika pa chitsulo amagwira kachikopa kaja n'kumakasungunula pang'onopang'ono, makamaka pamoto kapena chakudya chikagona momwemo.

Pamene pakundiopsa ine ndi pa mapoto oumbidwa kuchokera ku zitsulo zakutha, monga zidutswa za injini, omwe timawapeza motchipa m'misika ngati ya Liwonde, Ntaja kapena Ulongwe. M'zitsulo zotere mutha kukhala mtovu. Mu 2014 akatswiri a sayansi anayesa mapoto a mtundu umenewu a ku Cameroon powiritsamo madzi a viniga, ndipo anapeza kuti mtovu umatuluka ndithu. Bungwe la WHO limanena kuti mtovu ngakhale wochepa bwanji si wabwino m'thupi. Umaononga ubongo wa ana, mwana n'kumavutika kugwira zinthu m'kalasi. Paja akulu anati tsoka silinunkha.

Wina anena kuti, "Ndiye tiphikire chani? Poto wa m'sitolo ndi wodula." Zoona, ndipo sindikunena kuti titaye mapoto ayi. Madzi osamba tiziphitsa momwemo, palibe vuto. Koma malambe ndi bwemba tizinyika m'kontena ya pulasitiki yosungira zakudya, thobwa lizigona mumtsuko, ndiwo zowawasa zikapsa tizipakula zisagone mu poto. Komanso kukwecha mkati ndi mchenga mpaka kuwale n'kuchotsa kachikopa kaja, ndiye tichepetse.

Ndikupemphanso a Malawi Bureau of Standards kuti aziyesa mapoto a m'misika ya kumudzi. Ife a Fomu 2, sayansi isamathere m'kope. Madzulo ano tikawafotokozere amayi kunyumba, mwaulemu.

Wophunzira wa Fomu 2