ZA PAKHOMO PA MLIMI: Kusankha Mbaula Yolimba Yophikira ndi Kuwotchera Pabwalo

Tsopano kukolola kwatha, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo ambiri a inu mwagulitsa fodya, mtedza, soya kapena thonje, kotero kuti m'thumba muli kangachepe. Iyi ndiyo nyengo imene amalonda amadzaza misika ya m'midzi ndi katundu wa mitundumitundu, ndipo pakati pa katunduyo pali mbaula ndi mawaya owotchera nyama. Ndi nyengonso ya maukwati, zinamwali ndi kumanga ziliza, pamene anthu amaphika ndi kuwotcha pabwalo. Tsono sabata ino tikambirane za kasankhidwe ka mbaula yoti ikhalitse, pakuti ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa chaka, ndipo si bwino kuiponya pa chinthu chimene chidzabooka mvula isanagwe.

Mawu anga aakulu ndi awa: pogula mbaula musakhulupirire maso okha. Inyamuleni, igogodeni, isuzumireni m'kati ndi pansi pomwe. Amisiri ena amapaka utoto wonyezimira pa chitsulo chopyapyala kapena chodyeka kale. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Utotowo umapsa tsiku loyamba lomwe, ndipo chotsala ndi chitsulo chija, chabwino kapena choipa.

Kodi chimene chimapha mbaula n'chiyani? Adani ake alipo awiri, moto ndi dzimbiri. Chitsulo chikatentha kufikira kufiira, pamwamba pake pamachita timamba takuda timene timayoyoka chikazizira, ndipo motero tsiku ndi tsiku chimanka chipyapyala. Lata la denga nthawi zambiri silifika ndi theka lomwe la milimita, chifukwa chake mbaula yokhomedwa ndi malata akale imabooka msanga pamalo pokhala makala. Chitsulo cha mgolo wa malita 200 n'chokhuthalako, pafupifupi milimita imodzi, ndipo chimapirira nthawi yotalikirapo. Cholimba koposa ndicho limu ya gudumu la galimoto, imene owotcherera zitsulo amaiika miyendo. Imeneyi ndi yolemera kunyamula, koma imatha zaka zambiri.

Dzimbiri nalo limadza ndi madzi. Phulusa likasiyidwa m'mbaula ndi kunyowa ndi mame kapena mvula, limasunga chinyezi pa chitsulo masiku ambiri. Komanso phulusa lili ndi mchere wake, monga adziwira amayi amene amacheza chidulo. Chinyezi ndi mcherewo zimadya chitsulo ngakhale mbaula ili chikhalire osagwira ntchito.

Tsono tione mitundu ya mbaula imene mudzaipeza pa msika.

Yoyamba ndi ya chitsulo chokhachokha. Mukasankha imeneyi, yesani kukanikiza m'mbali mwake ndi chala chachikulu. Ikapindika, isiyeni. Yang'anitsitsani mbale ya ziboo imene makala amakhalapo, pakuti ndiyo imayamba kutha. Mbaula yabwino ndi imene mbale yakeyo ili yokhuthala, ndiponso yotheka kuchotsa, kuti ikatha mmisiri akudulireni ina popanda kugula mbaula yatsopano. Iikeni pansi muone ngati miyendo yonse ikuponda bwino. Gwedezani zogwirira ndi timanja tokhalapo poto, muone ngati mowotcherera monse mwagwira. Kachitseko kolowera mphepo kazitseguka ndi kutsekeka osavuta, chifukwa ndi kameneko mumachepetsa kapena kukuza moto. Dziwani kuti mbaula ya mtundu uwu imatha makala ambiri, popeza kutentha kumathawira m'mbali.

Yachiwiri ndi ya chitsulo kunja, koma m'kati muli mbale ya dothi lowotcha. Mtundu umenewu unayambira ku Kenya m'zaka zoyambirira za m'ma 1980, kumene amautcha jiko, ndipo unafalikira m'maiko ambiri a mu Africa, kuno komwe. Dothi ndilo limakumana ndi moto, chitsulo chimangoligwira, motero chitsulo sichipsa msanga ndipo kutentha kumalunjika ku poto. Poigula onani kuti dothi lilibe mng'alu, ziboo zake n'zotseguka zonse, ndipo silikugwedezeka m'kati mwa chitsulo. Funsaninso ngati wogulitsayo amagulitsa mbale ya dothi payokha.

Yachitatu ndi Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dothi lokha, imene inayamba kuumbidwa m'boma la Mulanje. M'chaka cha 2013 Boma la Malawi linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosatha nkhuni zokwana 2 miliyoni zidzakhale zitafika m'makomo, ndipo kuchokera pamenepo magulu ambiri a amayi anaphunzira kuumba Chitetezo. Kwa banja la kumudzi iyi ndi yothandiza kwambiri, chifukwa silira makala. Imayaka ndi tinkhuni ting'onoting'ono, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, ndipo imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni zimene zimatha pa mafuwa. Ilibe dzimbiri, koma imasweka ikagwa. Kayesedwe kake ndi komwe kaja ka mphika watsopano. Igogodeni ndi chala. Yopsa bwino imalira mokweza ngati belu, yosapsa kapena ya mng'alu imalira mogontha. Inu abambo, pa nkhani imeneyi tengani amayi popita ku msika, pakuti khutu lawo lidziwa dothi koposa lanu.

Nanga za kuwotcha nyama, nsomba ndi chimanga chachiwisi? Apa pafunika waya woika pamwamba pa makala, ndipo ndi pamene ambiri amalakwa. Musatenge waya wa mpanda kapena wa khola la nkhuku. Waya wotere anaukuta ndi chitsulo china chotuwa chotchedwa zinki kuti usachite dzimbiri, ndipo ukatentha kwambiri zinkiyo amapsa ndi kutulutsa utsi woyera wodwalitsa. Musatengenso mashelefu a m'firiji yakufa, pakuti nawonso ndi okutidwa ndi zinthu zosayenera kukhudza chakudya pa moto. Pitani kwa wowotcherera zitsulo akupangireni wa zitsulo zakuda zobulungira, za mamilimita 6 kapena 8, zotalikirana ngati kukula kwa chala, kuti nthuli za nyama zisagwere pa moto. Wayayo akhale pamwamba pa makala masentimita 10 kufikira 15. Akayandikira kwambiri, nyama imapserera kunja m'kati muli mwazi. Zimenezi n'zoopsa makamaka pa nyama ya nkhumba, imene ikapanda kupsa bwino imapatsa anthu njoka za m'mimba.

Amene amalandira alendo ambiri, kapena afuna kugulitsa kanyenya pa msika, amakonda mgolo wodulidwa pakati m'litali. Ndi wabwino ndithu, koma funsani chimene chinali m'mgolomo. Safunsa anadya phula. Mgolo umene munali mankhwala ophera tizilombo m'munda kapena mankhwala a dibi musaugule ngakhale autsitse mtengo, pakuti poizoni wake sachoka ndi kutsuka. Mgolo umene munali petulo kapena mafuta ena oyaka ungathe kuphulika poudula, ngakhale uoneke wouma. Wabwino ndi umene munali mafuta ophikira kapena zakudya zina. Musanawotchepo kanthu, sonkhanimo moto waukulu pabwalo kuti utoto wonse upse ndi kuchoka. Pansi pake boolani timaboo totulutsa madzi, ndipo thiranimo mchenga wokwana zala zitatu kuti makala asagone pa chitsulo.

Ngati ndalama yachepa, musadandaule. Njerwa zowotcha 30 kapena 40 ndi dothi la pachulu zikwanira kumanga malo owotchera okhazikika. Mangani tizipupa titatu, mbali imodzi mutsegule yolowera mphepo ndi yochotsera phulusa, pamwamba muikepo waya uja. Musamange ndi simenti pamalo pofika moto, chifukwa imang'ambika ndi kutentha, koma dothi likang'ambika mumangomatanso. Mukaikapo kadenga ka lata, chinthu chimenechi chidzakutumikirani zaka ndi zaka.

Ena adzati, "Alangizi, mbaula yolimbayo ndi yodula." Inde, koma tiyeni tiwerenge pamodzi. Tiyerekeze kuti yopyapyala ikutha miyezi 4, ndipo yokhuthala ikutha zaka 2, koma mtengo wake uposa katatu. M'zaka ziwirizo wokonda zotsika mtengo adzakhala atagula mbaula 6, ndiko kuti walipira kawiri ndalama imene mnzake analipira kamodzi. Onjezanipo makala ndi nkhuni zimene zinapita pachabe.

Mukagula, isamaleni. Taya phulusa tsiku lililonse moto ukazima, ndilo lamulo loyamba kwa ana a pakhomo, ndipo phulusalo lingathandize m'chimbudzi kapena pa dzenje la manyowa. Musazime moto pothira madzi m'mbaula. Dothi lotentha limang'ambika ndi madzi ozizira, ndipo chitsulo chimapindika. Makala otsala apaneni ndi mbaniro ndi kuwakwirira mumchenga, mawa adzagwiranso ntchito. Waya wowotchera mupaleni akali wofunda, mum'pake timafuta tophikira pang'ono, mum'pachike pouma. Mbaula isagone pa mvula kapena pa mame.

Za makala ndikumbutse kuti lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuwotcha makala popanda chiphaso, ndipo mu 2020 lamuloli linakonzedwanso ndi kuwonjezera zilango. Mlimi sasowa kudula mitengo ya m'phiri kuti awotche nkhuku imodzi. Sonkhani nthambi zimene mwasadza m'mitengo yanu kapena zitsononkho zouma, dikirani malawi ndi utsi zithe, muwotche pa makala ofiira otsalawo.

Potsiriza, mverani chenjezo ili, pakuti likhudza moyo. M'miyezi ya June ndi July kukazizira, ena amalowetsa mbaula ya makala m'nyumba, natseka chitseko ndi mazenera, nagona. Makala oyaka amatulutsa mpweya woipa wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Umalowa m'magazi ndi kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi mseru, kenaka tulo, ndipo mabanja ena apezeka m'mawa atafa onse. Mukapeza munthu wotere, mutulutseni panja msanga ndi kuthamangira naye ku chipatala. Mbaula ya makala malo ake ndi pabwalo kapena m'khitchini yopita mphepo. Pabwalopo iikeni pa nthaka yosalala, kutali ndi denga la udzu, nkhokwe ndi chigafa, makamaka masiku a mwera. Ana okwawa ndi anthu odwala khunyu asasiyidwe okha pafupi ndi moto.

Tsono popita ku msika sabata ino musachite manyazi kugogoda ndi kufunsa, pakuti ndalamayo ndi thukuta lanu. Amene ali ndi funso afike kwa mlangizi wa m'dera lake. Sabata ya mawa tidzakamba za kuteteza chimanga cha m'nkhokwe kwa anankafumbwe. Tsalani bwino.

Ndine wanu,
MLANGIZI