Dzuwa Likapsa Mtima, Adzalipira Ndani?

Pali anthu ena, ndipo ambiri mwa iwo ndi ophunzira amene amagawa ndalama m'maofesi, omwe amaseka akamva zakuti mayiko amalipira akatswiri kuti azilondera dzuwa usana ndi usiku. Amati izi ndi zoseweretsa za azungu okhuta. Ine ndikuti kuseka kumeneku ndi umbuli wovala tayi.

Dzuwa silikhala phee masiku onse. Nthawi zina, makamaka likafika pachimake cha kuvuta kwake komwe kumabwera pafupifupi zaka 11 zilizonse, limalavula chimtambo cha tinthu tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Chimtambochi chikafika kuno chimagwedeza mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, ndipo m'nthaka mumabadwa magetsi osokera. Magetsi amenewa amakwera m'nthambo zitalizitali nkukalowa m'mathiransifoma akuluakulu, omwe amatentha mpaka kupsa.

Izitu zidachitikapo kale. Pa 13 Malichi 1989, magetsi a kampani ya Hydro-Québec ku Canada adathima pasanathe mphindi ziwiri chiyambire vutolo, ndipo anthu pafupifupi 6 miliyoni adakhala mumdima kwa maola 9. Mu Okutobala 2003, mzinda wa Malmö ku Sweden udalawa zomwezo. Namondwe yemweyo wa 2003 adawononganso mathiransifoma a Eskom ku South Africa, dziko lomwe ambiri ankati lili kutali ndi ngozi yotere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Oseka aja amafunsa kuti: kulosera kupindulanji, poti dzuwa sungaliletse? Funso lomweli bwanji salifunsa kwa azanyengo amene amachenjeza asodzi za mwera? Chimtambo chija chimayenda tsiku limodzi kapena atatu chisanatipeze. Makina monga DSCOVR, omwe adaponyedwa m'mlengalenga mu 2015 nkukaikidwa pamtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno, adapangidwa kuti aziyeza ukali wake kutatsala mphindi 15 mpaka ola limodzi. Nthawi imeneyi ndi yokwanira kuti mainjiniya achepetse katundu pa mathiransifoma ndi kuzimitsa nthambo zina. Mu Meyi 2024, namondwe wamkulu atayandikira, kampani ya Transpower ku New Zealand idachita zimenezi, ndipo magetsi sadathime m'makomo.

Tsono tiwerengere ndalama, poti ndicho chinenero chimene abale athuwa amamva. Thiransifoma yaikulu siigulidwa ngati babu m'golosale. Imachita kuitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo imatha kupitirira chaka isanafike. Nthawi yonseyo chigayo chili zii, mankhwala akuwonongeka m'mafiriji a zipatala, mipopi ya madzi yauma, fakitale ikuchotsa anthu ntchito. Mu 2013 bungwe la inshuwalansi la Lloyd's lidawerengera kuti namondwe wofanana ndi wa mu 1859, yemwe adasokoneza matelegalafu, angathe kuwonongetsa dziko la America madola pakati pa 600 biliyoni ndi 2.6 thililiyoni. Kodi malipiro a akatswiri owerengeka ndi chiyani poyerekeza ndi chimenecho?

Nzoona kuti mayiko akufupi ndi kumpoto kapena kummwera kwenikweni kwa dziko ndiwo ali pachiswe kuposa ife. Komatu cholinga cha nthambo ya ku Matambo, ku Tete, yofika ku Phombeya, ku Balaka, nkutimangirira ku magetsi a mayiko a kummwera kwa Africa. Ukadyera mbale imodzi ndi mnzako, mchenga ukagwamo mumalumira limodzi.

Chokoma nchakuti sitikufunika kumanga chilichonse chodula. Kuyambira mu 2022, bungwe la SANSA lili ndi malo olondera dzuwa usana ndi usiku ku Hermanus, ku South Africa. Chotsalira kwa ife nkuti ESCOM ndi nthambi yoona zanyengo azilandira machenjezo amenewa, pakhale munthu wodziwa kuwamasulira, komanso ndondomeko yolembedwa yonena nthambo yoyamba kuzimitsa chenjezo likabwera pakati pa usiku. Wokana kulipira zimenezi ponamizira kusunga ndalama za boma adziwe kuti thiransifoma ikadzapsa, ngongole yake idzagwera okhometsedwa msonkho, iye ali khale pa penshoni.