Pansi Payambe Kukonzedwa, Zitsulo Zibwere Pambuyo

Masiku ano achinyamata ambiri akukonda kunyamula zitsulo. Ena amathira simenti m'zitini ziwiri, n'kulowetsa chitsulo pakati, ndipo amanyamulira kuseri kwa nyumba. Ena amachita lendi chipinda pamsika ndi kumalipiritsa anzawo pakhomo. Zimenezi n'zoyamikika, pakuti Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linalangiza m'chaka cha 2020 kuti munthu wamkulu azilimbitsa minofu yake masiku 2 kapena kuposerapo pa mlungu. Koma pali cholakwa chimene chimaoneka kawirikawiri: ndalama zonse zimathera pa zitsulo, pansi popondapo osakonzedwa.

Simenti yosalala ikagwera thukuta imaterera ngati katondo wa m'dzinja. Munthu amene wasenza makilogalamu 40 akaterereka alibe dzanja lodzitchinjiriza nalo. Angathe kuthyoka mkono, kubinya bondo, kapena kumenyetsa mutu pansi. Fupa lothyoka limafuna ulendo wa kuchipatala chachikulu cha paboma, ndipo mkono umakhala m'chikhakha pafupifupi milungu 6. Ngoziyo ikachitika nthawi yobzala, munda umagonera ndipo banja lonse limavutika.

N'chifukwa chake pansi payenera kuyalidwa labala chitsulo choyamba chisanagulidwe. Labala amagwira phazi, amachepetsa kugunda kwa chitsulo chikagwa, ndiponso amateteza simenti kuti isasweke. Labala wachilengedwe amachokera ku utomoni wa mitengo yonga imene imalimidwa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay. Koma woyala pansi wambiri amapangidwa ndi matayala akale ogayidwa ndi kumatidwa pamodzi. Amagulitsidwa m'zidutswa zamakona anayi kapena m'mipukutu yaitali.

Posankha, chachikulu ndi kuchindikala kwake. Pa masewera opepuka, monga kudumpha chingwe ndi kunyamula tizitsulo ting'onoting'ono kunyumba, labala wa mamilimita 8 ndi wokwanira. Pamene zitsulo zolemera zimaponyedwa pansi, makamaka m'nyumba yolipiritsa imene mumalowa anthu ambiri, pafunika wa mamilimita 20 kapena kuposerapo. Wogula ayenera kufunsa kuchindikalako ndi kuyeza yekha, pakuti safunsa anadya phula. Ayeneranso kudontheza madzi pang'ono pa labalayo ndi kupondapo kuti aone ngati akuterera.

Ena amanena kuti labala ndi wodula, ndipo kumeneku si kunama. Koma sikofunika kuyala chipinda chonse tsiku limodzi. Zidutswa zochepa zoyalidwa pamalo ponyamulirapo zimachotsa ngozi yaikulu, ndipo zina zingawonjezedwe ndalama zikapezeka. Mkeka ndi chiguduli sizingalowe m'malo mwake chifukwa zimatsetsereka pa simenti. Siponji nayo imabonyoka munthu akasenza cholemera, ndipo phazi limapendama.

Labala wa matayala akakhala watsopano amatulutsa fungo lamphamvu. Ndi bwino kumuyanika pamthunzi kwa masiku angapo asanalowe m'nyumba, ndipo mazenera azikhala otsekula. Zidutswa zikumane bwino, popanda mpata kapena m'mphepete motukuka mmene munthu angapunthwe.

Ukhondo nawo usaiwalike. Zipere zimafala mosavuta pamalo pamene anthu ambiri amagonapo ndi khungu lathukuta. Mwini nyumba yolipiritsa azikolopa tsiku ndi tsiku ndi madzi a sopo, ndi kudikira kuti paume anthu asanalowe. Palafini ndi mafuta zimawononga labala, ndipo mbaula ikhale kutali, chifukwa labala akayaka amatulutsa utsi wakupha.

Amene amalandira ndalama pakhomo ali ndi udindo pa moyo wa wolowa aliyense. Wolipira nayenso, asanagwire chitsulo, ayambe wayang'ana pamene adzaponda.