Musasankhe library chifukwa choti ndi yatsopano

Azakhali anga amagulitsa kaunjika ku Msika wa Tsoka. Kuchokera mu Novembala 2023, pomwe Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, nkhani ya pakhomo pawo ndi imodzi basi: mtengo wa belo. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika anafika mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za nkhani yomweyi. Ine ndimaphunzira mbiri, osati makompyuta, choncho nditapatsidwa ntchito yofufuza ndinaganiza zosonkhanitsa nkhani zonse zomwe nyuzipepala zathu zinalemba pa intaneti zokhudza kaunjika, ndikuziyerekeza ndi kabuku komwe azakhali amalembamo mitengo.

Masamba oti ndikopere anali ambiri, osatheka kutsegula limodzilimodzi. Mnzanga wina anandiphunzitsa Python pang'ono kuti kompyuta izikatenga yokha masambawo. Apa mpomwe ndinakumana ndi funso lomwe limautsa mikangano pakati pa ophunzira makompyuta: ugwiritse library iti potumiza pempho ku tsamba la pa intaneti?

Zodziwika zilipo zinayi. Urllib imabwera kale m'kati mwa Python, sufunika kutsitsa kanthu, koma kalembedwe kake nkolemetsa kwa munthu woyamba kumene. Requests, yomwe Kenneth Reitz anatulutsa mu 2011, ndi yosavuta kuwerenga moti mzere umodzi umakwanira kutenga tsamba. Httpx imalembedwa mofanana ndi requests koma imathanso kutumiza mapempho ambiri nthawi imodzi. Aiohttp inapangidwira ntchito yomweyo ya mapempho ambirimbiri.

Ndinatenga requests. Usiku wina ndinagula bandulo ya tsiku limodzi, ndinayatsa kapulogalamu kanga, nkukagona. M'mawa ndinapeza kataima pa tsamba la 43, osapita kutsogolo, osanenanso kuti chavuta nchiyani. Netiweki inadukiza pakati pa usiku, ndipo requests, ukapanda kuiuza nthawi yodikira, imadikira mpaka kalekale. Bandulo inatha ntchito isanachitike, tsiku lopereka likuyandikira.

Anzanga a makompyuta atamva anaseka. Akuti vuto ndi loti ndinasankha chida cha agogo, ndikanatenga httpx kapena aiohttp masamba onse akanabwera mphindi zochepa. Pamenepa ndikutsutsana nawo, ngakhale kuti mbali ina akunena zoona. Httpx imasiya yokha kudikira pakatha masekondi 5 popanda yankho, choncho usiku uja ikanandiuza msanga kuti zinthu zaima. Umenewu ndi ubwino weniweni pa netiweki ngati yathu. Koma chomwe anzangawo amatamandira si chimenecho ayi. Iwo amatamandira liwiro, ndipo liwiro silinali vuto langa.

Taganizani. Kutumiza mapempho mazana nthawi imodzi ku tsamba la nyuzipepala ya kwathu kuno kuli ngati kudutsitsa gulu lonse la anthu kamodzi pa milatho yamatabwa ya pa mtsinje wa Lilongwe ija, yomwe timalipira kuti tiwolokere ku Tsoka. Mwini tsamba akaona chigumula chotere amakutsekera khomo, ndipo salakwa. Iweyo wasokonezanso owerenga ena omwe amangofuna nkhani ya tsikulo. Munthu wofufuza mbiri amafunika kupita pang'onopang'ono, kuyamba waona zomwe fayilo ya robots.txt ya tsambalo ikulola, ndi kupumira pakati pa pempho lililonse.

Chomwe chinakonza ntchito yanga ndi mizere yochepa chabe. Ndinaika timeout ya masekondi 20. Ndinauza pulogalamu kuti ikalephera iyesenso katatu, kenako ilembe dzina la tsamba lokanikalo nkupitirira. Ndinagwiritsa Session kuti isamalumikizane mwatsopano pa pempho lililonse. Koposa zonse, tsamba lililonse likafika ndimalisunga nthawi yomweyo, kuti magetsi akathima ndisayambirenso pa chiyambi ndi kuwononga bandulo kawiri. Zonsezi zimatheka mu requests, mu httpx, ngakhale mu urllib ngati uli ndi mtima wopirira.

Pali chifukwa chinanso chomwe ndinakhalirabe pa requests. Ntchitoyi sindidzaigwira ndekha mpaka muyaya. Wophunzira wina wa mbiri kapena wa zilankhulo adzafuna kuipitiriza, ndipo akatsegula pulogalamu yanga ayenera kumvetsa zomwe ikuchita popanda kuphunzira kaye async ndi await. Komanso chifukwa requests yakhalapo zaka zambiri, vuto lililonse lomwe ungakumane nalo wina analifunsa kale ndipo yankho lake lilipo. Kwa ife opanda mphunzitsi wa makompyuta pafupi, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Sindikunena kuti zida zatsopano nzachabe. Ngati mukupanga pulogalamu yomwe iyenera kulankhula ndi ma seva ambiri nthawi imodzi, tengani httpx kapena aiohttp mosakayika. Ngati muli pa kompyuta ya mu labu yomwe salola kuikamo kanthu, urllib ikupulumutsani. Koma musanasankhe dzifunseni mafunso atatu: netiweki ikaduka pulogalamu yanga ichita chiyani, tsamba lomwe ndikupemphako lingapirire zochuluka bwanji, nanga adzawerenge ntchitoyi pambuyo panga ndani?

Masamba anga anamaliza kubwera patatha usiku uwiri. Loweruka lotsatira ndinapita ku Tsoka ndi laputopu kukawaonetsa azakhali zomwe manyuzi analemba mwezi womwe belo lawo linakwera kwambiri. Anawerenga nkhani ziwiri, anatsegula kabuku kawo, nkundionetsa kuti mtengo unali utakwera kale milungu ingapo atolankhani asanayambe kulemba. Mfundo imeneyo ndi yomwe inakhala mutu wa pepala langa.